Banki m'khonde mumzinda wa Lilongwe: momwe imayendera ndi pomwe imagwera

Ku Area 23, Kawale, Chinsapo, Mtandire, Mgona ndi Area 25 n'kovuta kupeza mayi wochita geni amene sali m'gulu losunga ndalama. Ena ali m'magulu awiri, ena anayi. Fizi ya mu Januwale, feteleza wotumiza kumudzi, malata, mpamba wa kaunjika, zambiri mwa izi zimachokera pamphasa yoyalidwa pakhonde Loweruka kapena Lamulungu masana. Kalembera wa 2018 adapeza anthu pafupifupi 990,000 mumzinda wa Lilongwe, ndipo mabanja ambiri m'madera tatchulawa amapeza ndalama tsiku ndi tsiku, osati pakutha pa mwezi. Banki ya m'tauni imafuna chikole ndi umboni wa malipiro. Banki m'khonde imangofuna kuti anzako akudziwe ndipo akukhulupirire.

Pamenepa ndi pomwe pali mphamvu yake, ndipo ndi pomwenso pali vuto. Njirayi idakonzedwera kumudzi, komwe aliyense amadziwa munda wa mnzake, mfumu yake ndi manda a makolo ake. M'tauni munthu wa lendi angathe kusamuka usiku umodzi, kuchoka ku Mchesi kukadzukira ku Senti, foni n'kuthima. Gulu la m'tauni lomwe latengera malamulo a kumudzi osawakonzanso, kapena lomwe lawataya onse poti "ife ndi ozindikira", nthawi zambiri limafika Disembala anthu asakuyankhulana.

Choyamba tisiyanitse zinthu zinayi zomwe anthu amaziphatikiza. Chipereganyu ndi chija aliyense amasonkha ndalama yofanana, yonse n'kupita kwa munthu mmodzi, mwezi wotsatira kwa wina, mpaka onse atalandira. Mulibe chiwongoladzanja ndipo ndalama sigona paliponse. Choopsa chake ndi munthu amene walandira koyambirira n'kusiya kusonkha. Banki m'khonde imaunjika ndalama: mamembala amasunga ndalama pogula masheya, amabwerekana, ndipo pakutha pa chaka amagawana zonse pamodzi ndi phindu. Katapila ndi munthu mmodzi wobwereketsa ndalama zake pa chiwongoladzanja cha theka kapena chofanana ndi ndalama yomwe wabwereka. SACCO ndi bungwe lolembetsedwa losunga ndi kubwereketsa ndalama kwa mamembala ake, loyang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi, ndipo ambiri ali pansi pa MUSCCO, mgwirizano wa ma SACCO m'dziko muno. Banki m'khonde siili m'gulu loyang'aniridwa motero. Ndalama ikasowa palibe ofesi yomwe idzabweze. Chitetezo chonse chili m'malamulo a gululo ndi mwa amayi asanu amene asankhidwa kulitsogolera.

Zomwe zili m'bokosi ndi chifukwa chake

Njira yomwe magulu ambiri amatsata idayambitsidwa ndi bungwe la CARE m'dziko la Niger mu 1991, pakati pa amayi a m'midzi omwe ambiri sankadziwa kulemba. N'chifukwa chake chilichonse m'njirayi chidakonzedwa kuti munthu aone ndi maso, osati kungouzidwa. Kuno kwathu idafala kudzera m'mabungwe osiyanasiyana, mipingo, alangizi a chitukuko a boma komanso COMSIP, mgwirizano wa magulu osunga ndalama womwe udaphuka m'ntchito za chitukuko za MASAF.

Gulu limakhala la anthu 15 mpaka 25, osankhana okha. Likadutsa 30 msonkhano umatalika, anthu amayamba kutumiza ndalama kudzera mwa anzawo, ndipo kudziwana kumachepa. Atsogoleri ndi asanu: wapampando, mlembi, wosunga bokosi ndi owerenga ndalama awiri. Bokosi ndi lachitsulo, la maloko atatu, ndipo makiyi ake amakhala ndi amayi ena atatu omwe sali mukomiti. Wosunga bokosi alibe kiyi, osunga makiyi alibe bokosi. Kuti ndalama ibedwe mkati mwa sabata pafunika anthu anayi agwirizane. Lamulo lomwe limaiwalika m'tauni ndi lakuti anayiwa asakhale apachibale, asakhale pa puloti imodzi, ndipo wina asakhale wa lendi m'nyumba ya mnzake. Mayi wa lendi sangakane landilodi wake akamuuza kuti "bweretsa kiyi, ndibweza Lachisanu".

M'bokosimo mumakhala timabuku ta mamembala, chidindo ndi inki yake, mbale ziwiri kapena zitatu zolandirira ndalama, ndi matumba awiri a nsalu: lina la ndalama zobwereketsa, lina la thumba la zadzidzidzi. Mtengo wa sheya umagwirizanidwa koyambirira kwa chaka ndipo susintha mpaka kugawana. Pamsonkhano uliwonse munthu amagula sheya imodzi mpaka zisanu. Malire a zisanu si opondereza olemera: cholinga n'chakuti munthu mmodzi asakhale mwini wa theka la bokosi, chifukwa akatero mawu ake amaposa a ena onse. Sheya iliyonse ndi chidindo chimodzi m'kabuku, ndipo malo otsala pamzerewo amakhwatchidwa pomwepo kuti wina asadzadindepo pambuyo pake.

Dongosolo la msonkhano nalo lili ndi nzeru yake. Mukatha pemphero ndi kuitana mayina, wapampando amafunsa mamembala kuti anene ndalama zomwe zidatsala m'matumba awiri aja sabata yatha, bokosi lisanatsegulidwe. Kenako owerenga ndalama amawerenga mokweza pamaso pa onse. Ziwerengero zikasiyana, msonkhano supitirira mpaka zitadziwika. Kenako pamabwera chopereka cha thumba la zadzidzidzi, kugula masheya, kubweza ngongole, ndipo pomalizira kubwereketsa. Potseka, wapampando amalengeza zotsala ndipo aliyense amazisunga pamtima kapena kuzilemba. Magulu ambiri a m'tauni adadumpha kufunsana koyambiriraku ati kumataya nthawi. Komatu ndi mphindi zitatu zokha, ndipo ndi zomwe zimagwira kusowa kwa K20,000 kusanafike pa K2 miliyoni.

Chiwongoladzanja

Malamulo oyambirira amati munthu abwereke ndalama zosapitirira katatu masheya ake, abweze pasanathe miyezi itatu, ndipo chiwongoladzanja chigwirizanidwe ndi gulu. 10 peresenti pamwezi ndiyo inkakonda kutchulidwa. M'tauni magulu ambiri adakweza kufika 20 peresenti, ena kuposa apo, poganiza kuti phindu la Disembala lichuluke. Tiyeni tiwerengere. Mayi wabwereka K100,000 pa 20 peresenti, ndipo lamulo la gulu likuti zomwe sanabweze zimaberekanso. Mwezi woyamba ngongole ili K120,000, wachiwiri K144,000, wachitatu K172,800, wachinayi K207,360. Pakutha miyezi isanu ndi umodzi yafika pafupifupi K298,600. Pa 10 peresenti ngongole yomweyo ikanakhala pafupifupi K177,000. Kusiyana kwakeko ndiye lendi ya miyezi ingapo ku Area 36.

Funso loyenera kufunsa wobwereka si lakuti "mubweza?" chifukwa aliyense amayankha kuti eya. Funso ndi lakuti ndalamayo izungulira kangati mwezi usanathe. Wogula tomato pamsika wa Wakawaka n'kukagulitsa pabenchi ku Kawale amazunguza mpamba wake sabata iliyonse. Ngati pa K100,000 amatsala ndi K15,000 atachotsa thiransipoti, chiphaso cha msika ndi tomato woola, pamwezi ali ndi K60,000 ndipo K20,000 ya gulu akwanitsa. Wotsegula belo la kaunjika lomwe zovala zabwino zimatha sabata yoyamba koma zotsalira zimakhala mwezi ndi theka, kapena wogulitsa zitenje pangongole kwa anthu apantchito oti adzalipire pa 27, sangakwanitse chiwongoladzanja chomwecho. Ngongole ya fizi, ya maliro kapena ya chinkhoswe sibereka kanthu, kotero iyenera kukhala yaing'ono ndipo wobwereka anene poyera komwe ndalama yobwezera ichokere.

Pali mchitidwe wina womwe wawononga magulu ambiri: kukakamizana kubwereka. Gulu limati ndalama isagone m'bokosi, ndiye aliyense atenge kaya ali ndi chochita nayo kaya alibe, ndipo amene sanabwereke sadzalandira phindu. Mayi amene alibe geni amaitenga ndalamayo n'kuibwereketsa kwa munthu wakunja pa chiwongoladzanja chokwera, motero gulu lasanduka katapila osadziwa. Wakunjayo akathawa, ngongole imatsalira membala. Wina amabwereka ku gulu lachiwiri kuti abweze ku loyamba, lachitatu kuti abweze ku lachiwiri. Kwa miyezi ingapo amaoneka membala wokhulupirika kwambiri, wobweza pa tsiku lake, mpaka mwezi wa Novembala pomwe magulu onse amasiya kubwereketsa kuti atolere. Chikomekome cha nkuyu, mkati muli nyerere. Ndalama yochuluka m'bokosi yomwe palibe akuifuna ndi chizindikiro chakuti mtengo wa sheya wakwera kuposa geni za mamembala. Yankho lake ndi kutsitsa sheya chaka chotsatira kapena kukaika yotsalayo ku akaunti ya gulu, osati kuikankhira kwa anthu.

Zofunika kuwonjezera m'malamulo a gulu la m'tauni

Gulu la m'tauni liyenera kulemba zomwe kumudzi zimadziwika popanda kulemba. Membala aliyense apereke nambala ya chiphaso chake cha unzika, mudzi, mfumu ndi boma lomwe amachokera, komanso m'bale mmodzi wokhazikika amene angafunsidwe. Watsopano abwere ndi mamembala awiri omuikira umboni, ndipo miyezi itatu yoyamba asabwereke kuposa masheya ake. Aliyense anene magulu ena omwe alimo. Ambiri sanena zoona, komabe funsolo likhalepo, ndipo alembi a magulu a dera limodzi, omwe kawirikawiri amapemphera mpingo umodzi kapena kutunga madzi pamalo amodzi, angathe kufunsana. Ngongole yopitirira malire ogwirizana ikhale ndi mboni ziwiri za m'gulu zomwe zavomera kuti masheya awo adzadulidwa ngati mnzawo walephera. Lamulo limeneli limaoneka louma, koma ndi lomwe limachititsa kuti amene akumudziwa bwino munthuyo ayankhule ndalama isanatuluke. Malamulo onse alembedwe, aliyense asaine kapena kudinda chala, ndipo pepala lina likasungidwe kwa mfumu ya dera kapena buloko lida.

Za ndalama ya pafoni. Airtel Money ndi TNM Mpamba zathandiza pa nkhani ya akuba, chifukwa bokosi lokhala ndi mamiliyoni m'nyumba yopanda mpanda mwezi wa Novembala ndi loitana zigawenga, ndipo tsiku logawana limadziwika dera lonse. Koma ndalama zikamapita pa nambala ya msungichuma yemwe amagwiritsanso ntchito pa geni yake, maloko atatu aja atha ntchito. Iye mwini sangasiyanitsenso yake ndi ya gulu. Chabwino ndi akaunti ya gulu ku banki kapena ku SACCO yokhala ndi osainira atatu, ndipo pepala la banki losonyeza zolowa ndi zotuluka liwerengedwe pamsonkhano mwezi uliwonse. Ngati gulu lasankha foni, ikhale simu ya gulu yogona m'bokosi, ndipo nambala yachinsinsi isadziwike ndi munthu amene amasunga bokosilo. Mugwirizanenso kuti ndalama yotumizira ndi yotapira alipire ndani, ndiponso kuti uthenga uja wakuti "ndalama ija mutumize pa nambala iyi" suyankhidwa ndi aliyense, ngakhale utabwera m'dzina la wapampando.

Kugawana

Mwezi umodzi kapena iwiri tsiku logawana lisanafike, kubwereketsa kumaima. Patsikulo ndalama zonse zobwereketsa zimawerengedwa, masheya onse a m'timabuku amaphatikizidwa, ndipo ndalama imagawidwa ndi chiwerengero cha masheya. Mwachitsanzo, gulu la amayi 20 la sheya ya K2,000 lagula masheya 3,000 chaka chonse, yomwe ndi K6,000,000. Ndi chiwongoladzanja ndi zindapusa, pamphasa pali K8,400,000. Sheya imodzi tsopano ili K2,800. Wa masheya 200 alandira K560,000, wa masheya 80 alandira K224,000. Amene watsala ndi ngongole, mwachitsanzo ya K140,000, amakhwatchiridwa masheya 70 kuwerengera kusanayambe, motero amataya ndi phindu lomwe la masheyawo. Chomwe chimabutsa ndewu ndi kuwerengera ngongole zomwe sizinabwezedwe ngati kuti ndalamayo ilipo. Mumagawana zomwe zili pamphasa basi. Zobwera mochedwa zidzagawidwa zikabwera. Thumba la zadzidzidzi siligawidwa, limawolokera chaka chotsatira.

Phindu la K800 pa sheya limasangalatsa, koma liyesedwe ndi mitengo ya pamsika. Kwacha idagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo koyambirira kwa 2024 mitengo ya zinthu inali itakwera ndi zoposa 30 peresenti poyerekeza ndi chaka chapitacho. M'zaka zotere mayi angalandire ndalama zambiri kuposa zomwe adasunga koma osagula simenti yomwe akanagula mu Malichi. Magulu ena amathana nazo pofupikitsa nyengo kukhala miyezi isanu ndi umodzi kapena isanu ndi inayi, ena amasuntha tsiku logawana kuchoka mu Disembala kupita mu Okutobala kuti ndalama ikumane ndi feteleza m'malo mokumana ndi Khirisimasi.

Wolephera kubweza

Apa ndi pomwe utsogoleri umaonekera. Mchitidwe wopita gulu lonse kunyumba kwa wangongole, kuimba nyimbo pakhomo ndi kunyamula matiresi, mapoto kapena kanema ndi wofala, koma malamulo a gulu saposa malamulo a dziko. Kulowa m'nyumba ya munthu n'kutenga katundu iye asanalole kungasanduke mlandu wa gulu lomwelo, makamaka katunduyo akakhala wa bambo amene sankadziwa za ngongoleyo. Njira yotetezeka imayamba msanga: munthu akangodumpha mwezi umodzi, wapampando ndi mayi mmodzi wachikulire akacheze naye paokha. Chiwongoladzanja chiimitsidwe pa mwezi wachitatu, ngongole igawidwe m'zigawo zomwe angakwanitse, ndipo mgwirizano watsopano ulembedwe pamaso pa mboni. Zikakanika, nkhani ipite kwa mfumu ya dera, ndipo pomaliza kubwalo la majisitireti, komwe kabuku kodindidwa ndi malamulo osainidwa aja ndiwo umboni.

Tikunena izi motsindika chifukwa ngongole ya banki m'khonde imalemera mosiyana ndi ya ku banki. Okongoza ndi anzako a kumpingo, a pachitsime, makolo a anzawo a ana ako. Manyazi ake amasowetsa tulo, amathawitsa mayi pabanja, ndipo ena afika podzichotsera moyo. Membala amene wasiya kubwera, sakutuluka m'nyumba, kapena wayamba kunena kuti "bola kungofa" asatengedwe ngati akuzemba. Asasiyidwe yekha, abale ake adziwitsidwe, ndipo aperekezedwe kuchipatala. Ndalama ya gulu ingathe kudikira.

Kawirikawiri wobwereka weniweni sakhala mayiyo. Bambo amatuma mkazi wake kukatenga ndalama yokonzera njinga yamoto ya kabaza kapena yolipirira ngongole ina, dzina lolembedwa n'kukhala la mayi. Nthawi yobweza ikafika, kufunsa kumabala ndewu. Gulu lanzeru limafunsa poyera kuti ndalamayo agwiritse ntchito ndani, ndipo ngati ndi bambo, abwere adzasaine ngati mboni. Atsogoleri adziwenso kuti dziko lino lili ndi lamulo la 2006 loteteza anthu ku nkhanza za m'banja, lomwe limawerengera ngakhale nkhanza za pachuma, komanso kuti kupolisi kuli ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza ya Victim Support Unit. Membala akamwalira, masheya ake apite kwa munthu amene iye adamulemba m'kabuku tsiku lolowa. Lamulo la 2011 la chuma cha masiye limaletsa kulanda katundu wa wamasiye ndi ana, ndipo gulu lisapereke ndalama kwa wachibale aliyense amene wangotulukira pamaliro. Ngati ngongole ya womwalira imakhululukidwa kapena imadulidwa ku masheya, zimenezo zilembedwe chaka chisanayambe, osati kukambidwa pasiwa.

Thumba la zadzidzidzi ndi thanzi la mamembala

Thumba ili ndi laling'ono, mwina K500 pa munthu pa sabata, ndipo m'magulu ambiri limangogwira ntchito ya chipepeso ndi kukazonda odwala. Amayi 20 akusonkha K500 kwa masabata 50 ndi K500,000 pachaka. Ndalama yotereyi ingachite zambiri maliro asanafike, ndipo ife tikuona kuti apa ndi pomwe magulu a m'tauni akutaya mwayi waukulu: amayi omwewo amakumana sabata iliyonse, chinthu chomwe chipatala chilichonse chimachilakalaka.

Matenda a BP ndi shuga akuchuluka m'mizinda, ndipo moyo wa geni umawathandizira: kukhala pabenchi tsiku lonse, chipisi ndi mandasi a m'mafuta obwerezabwereza, zakumwa zotsekemera, mchere wa m'ndiwo kuwonjezera wa m'tizokometsera ta m'mapaketi. BP nthawi zambiri siyambitsa ululu uliwonse mpaka munthu atagwa sitiroko. Makina oyezera a pamkono amapezeka m'mafamase, ndipo gulu lingagule amodzi n'kupempha namwino kapena mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo kuti aphunzitse amayi awiri. Woyezedwa akhale pampando mphindi zisanu, msana utatsamira, mapazi pansi, mkono utagona pathebulo molingana ndi mtima, osayankhula. Ayezedwe kawiri motalikitsa mphindi imodzi ndipo manambala alembedwe. Muyeze msonkhano usanayambe, osati mutatha kukangana za ngongole. Akapezeka ndi 140/90 kapena kuposa pa masiku awiri osiyana, apite kuchipatala, monga cha Kawale, Area 18, Area 25 kapena Bwaila. Ikafika 180/110, makamaka ngati pali mutu waukulu, kuona zachimbuuzi kapena kupweteka pachifuwa, ndi ulendo wa tsiku lomwelo. Mayi woyembekezera akafika 140/90 asadikire tsiku lake la sikelo. Cholakwika chofala ndi kusiya mankhwala munthu akamva bwino, kapena kubwerekana mapiritsi ngati mmene amabwerekerana mchere. Mchere wa tsiku lonse kwa munthu wamkulu usapitirire magalamu 5, pafupifupi kasupuni kamodzi ka tiyi.

Chachiwiri ndi khansa ya khomo la chiberekero, yomwe Malawi ali m'gulu la mayiko omwe imapha amayi kwambiri padziko lonse. Kuyezetsa n'kwaulere m'zipatala za boma ndipo kumatenga mphindi zochepa: namwino amapaka viniga pakhomo la chiberekero, amadikira pafupifupi mphindi imodzi, ndipo malo omwe ayamba kusintha amayera. Kusinthaku sikunakhale khansa, ndipo nthawi zambiri kumachizidwa tsiku lomwelo ndi kachipangizo kotenthetsa. Pambuyo pake pamatuluka madzimadzi kwa masabata angapo ndipo banja liyenera kudikira pafupifupi mwezi osagonana, nkhani yomwe ndi bwino bambo aimve msanga. Oyenera kuyezetsa makamaka ndi a zaka 25 mpaka 49, ndipo amene ali ndi HIV ali pachiopsezo chochuluka pafupifupi kasanu ndi kamodzi, choncho amabwerera pafupipafupi malinga ndi tsiku lomwe namwino wawalembera. Kutaya magazi pogonana, kutaya magazi munthu atasiya kale kusamba, kapena chikazi chonunkha chosatha si zodikira tsiku la gulu. Chomwe chimalepheretsa amayi ambiri si mtengo koma mantha ndi geni ya tsikulo yomwe itayike. Gulu likasankha tsiku, n'kulipira minibasi kuchokera m'thumba la zadzidzidzi, n'kupita asanuasanu pomwe ena akuyang'anira mabenchi awo, zopinga ziwirizo zimachepa. Atsikana a mamembala nawo alandire katemera wa HPV, kachilombo koyambitsa khansayi. Katemerayu boma lidayamba kumupereka m'dziko lonse mu 2019.

Kuchoka pakhonde kupita kukhonsolo

Mayi amene wayendetsa msonkhano wa ndalama chaka chathunthu waphunzira kulemba zokambirana, kuwerenga ndalama poyera, kukana mnzake wapamtima ndi kuweruza mkangano. Amayi a Chigwirizano, a Mvano, a Dorika, a bungwe la amayi a Katolika ndi a Dawa akhala akuphunzira zofananazi kwa zaka zambiri. Komabe pamisonkhano ya chitukuko cha wodi, pomwe amakambirana za ngalande, zinyalala, milatho ndi malo a msika, oyankhula ambiri ndi abambo, ngakhale kuti otunga madzi ndi ogulitsa pamsika ambiri ndi amayi.

Lilongwe ali ndi chitsanzo chake cha momwe kusunga ndalama kungasandukire mawu. Mu 2003 amayi a ku Mtandire adayamba timagulu tosunga ndalama tsiku ndi tsiku mothandizidwa ndi bungwe la CCODE, ndipo timaguluto tidakula kukhala chitaganya cha anthu osowa pokhala chomwe chidafalikira m'mizinda ina. Adakhazikitsa thumba lobwereketsa ndalama zomangira nyumba lotchedwa Mchenga, adakambirana ndi khonsolo za malo, ndipo nyumba zidamangidwa ku Area 49 ku Lilongwe ndi ku Angelo Goveya ku Blantyre. Chida chawo chachikulu chinali kuwerenga: nyumba zingati, zimbudzi zingati, mipopi ingati m'dera lawo. Gulu la banki m'khonde lingachite zomwezo pang'ono pang'ono. Kupita kwa khansala ndi mawu akuti "madzi akuvuta" sikusuntha kanthu. Kupita ndi pepala losonyeza mabanja omwe amadalira mpopi umodzi, masiku omwe sunatulutse madzi mwezi watha ndi mtengo wa ndowa kwa ogulitsa ena, losainidwa ndi magulu asanu a m'deralo, n'kusiya pepala lina ku ofesi ya khonsolo kapena ku bungwe loyendetsa mipopi ya m'deralo, kumakhala kovuta kukunyalanyaza. Kolera ya 2022 mpaka 2023, yomwe idapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno ndi kuchedwetsa kutsegulira sukulu ku Lilongwe ndi ku Blantyre, idaonetsa kuti nkhani ya mipopi ndi ngalande ndi nkhani ya moyo. Ndipo mpando wa ukhansala si wa abambo okha: mu 2019 makhansala a Lilongwe adasankha Juliana Kaduya kukhala meya.

Andale nawo amawadziwa magulu amenewa, ndipo nyengo ya kampeni amabwera ndi nsalu ndi envelopu "yowonjezera mpamba". Ndalama yochokera kunja imasintha khalidwe la obwereka, chifukwa munthu amene amaopa kudya ya mnzake saopa kudya ya bwana, ndipo ikabwera ndi mtundu wa chipani imagawa gulu pakati. Zimodzimodzinso ngongole za magulu zochokera ku mabungwe obwereketsa ndalama, zomwe mmodzi akalephera onse amalipira: gulu lisazitenge m'chaka chake choyamba, ndipo likazitenga zilembedwe m'buku losiyana ndi la masheya.

Chisankho cha atsogoleri chichitike chaka chilichonse mukangogawana, ngakhale onse akukhutira ndi omwe alipo. Pa udindo uliwonse paime anthu osachepera awiri, ndipo kuvota kukhale kwachinsinsi: aliyense apatsidwe kamwala kapena njere ya nyemba, akaponye m'chikho cha amene akumufuna kuseri kwa chitenje. Kuvota kokweza manja m'tauni kumangosankha mayi wa nyumba ya mpanda kapena amayi busa, omwe angakhale oyenera ndithu, koma palibe angalimbe mtima kuwafunsa kuti awerengenso ndalama. Munthu asakhale pa mpando umodzi kupitirira zaka ziwiri zotsatizana, ndipo mlembi aliyense akhale ndi wachitsikana amene akumuphunzitsa buku. Gulu likafika poti ndalama zotsala mwezi ndi mwezi zikuposa zomwe mamembala angabwereke mwanzeru, kapena ena akufuna ngongole ya chaka chonse yogulira puloti, bokosi la maloko atatu lachepa. Pamenepo kambiranani ndi alangizi a chitukuko a kukhonsolo, a COMSIP kapena SACCO yapafupi za kulembetsa, koma funsani kaye ndalama zolowera, chiwongoladzanja cha pachaka ndi nthawi yomwe zimatenga kuti munthu atapeko ndalama zake.